Kuunikirana kwa Olemba Insaikulopediya: Chitsanzo cha Nkhondo ya ku Kohima

1. Mawu Oyamba

Insaikulopediya ndi buku losonkhanitsa chidziwitso cha mitu yosiyanasiyana ndi kuchifotokoza mwachidule kwa munthu wamba. Kale mabuku otere ankalembedwa ndi akatswiri osankhidwa ndi mkonzi wamkulu, ndipo dzina la katswiriyo ndilo linkatsimikizira owerenga kuti zolembedwazo n'zoona. Kuyambira chaka cha 2001, pamene Wikipedia idakhazikitsidwa pa intaneti, pali mtundu wina wa insaikulopediya momwe aliyense angathe kulemba ndi kukonza zolemba za anzake. Nkhani imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri osadziwana, ndipo ochuluka mwa iwo satchula n'komwe mayina awo enieni. Tsono ngati palibe katswiri woika dzina lake pansi pa nkhani, owerenga aikhulupirire chifukwa chiyani?

Yankho lagona pa ntchito imene m'nkhani ino ikutchedwa kuunikirana kwa olemba, ndiko kuti, olemba ena kuwerenga nkhani ya mnzawo ndi kumuonetsa pamene yapotoka. Ntchitoyi ifotokozedwa kudzera m'chitsanzo chimodzi, nkhani ya nkhondo ya ku Kohima yomwe idamenyedwa mu 1944 m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa India. Chitsanzochi chikuonetsa kuti gawo lalikulu la kuunika ndi kuyesa mawu, pakuti pa nkhani ya nkhondo liwu limodzi losankhidwa mosasamala lingathe kusintha tsiku, kuchulukitsa akufa, kapena kufafaniza mtundu wonse wa anthu omwe adalipo.

2. Kayendetsedwe ka Kuunikirana

Mu Wikipedia ya Chingerezi mlembi akaona kuti nkhani yake yakhwima amaiika pa mndandanda wa nkhani zofuna kuunikidwa. Olemba ena odzipereka amaiwerenga ndi kulemba ndemanga zawo poyera, ndipo mlembiyo amayankha ndemanga iliyonse, kaya pokonza cholakwikacho kapena pofotokoza chifukwa chomwe sadakonzere. Pagawo loyambali palibe kukhoza kapena kulephera. Ndi malangizo chabe. Pamwamba pake pali magawo ena oyesera nkhani. Nkhani ingalandire chizindikiro cha nkhani yabwino pamene wounika mmodzi yemwe sadailembe nawo wakhutira. Gulu la olemba mbiri ya nkhondo lili ndi muyeso wakewake wofuna ounika angapo, kuphatikizapo woona magwero ndi woona zithunzi. Pamwamba penipeni pali nkhani zosankhika, zomwe zimavomerezedwa olemba ambiri atagwirizana.

Izi zikusiyana ndi kuunika kwa m'mayunivesite, kumene mkonzi amatumiza pepala kwa akatswiri awiri kapena atatu amene kawirikawiri mayina awo sadziwika kwa mlembi. Wounika wa insaikulopediya salankhula ndi ulamuliro wa ukatswiri wake. Mphamvu yake ili pa malamulo atatu: chilichonse cholembedwa chikhale ndi gwero losindikizidwa lomwe wina angathe kulipeza; nkhani isakondere mbali; ndipo mlembi asaikemo kafukufuku kapena maganizo ake. Motero munthu amene sadziwa zambiri za Kohima angathe kukhala wounika wabwino, malinga ngati ali wodekha kufunsa pa chiganizo chilichonse kuti, “Adanena zimenezi ndani, ndipo adazinenadi chonchi?” Paja akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

3. Zomwe Zidachitika ku Kohima

Mu Malichi 1944, pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali a Japan omwe ankalamulira Burma adawoloka mtsinje wa Chindwin kulowera ku India motsogozedwa ndi Jenerali Renya Mutaguchi. Magulu awiri akuluakulu adalunjika ku Imphal, pomwe lachitatu, la nambala 31, lolamulidwa ndi Jenerali Kotoku Sato, lidadutsa m'mapiri kupita ku Kohima. Kohima ili pamsana pa phiri, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pa msewu umene unkanyamula chakudya ndi zida kuchokera ku siteshoni ya njanji ya Dimapur kupita kwa asilikali a Britain ndi India omwe adali ku Imphal. Wogwira Kohima ndiye adali mwini msewuwo.

Asilikali ochepa omwe adali ku Kohima pansi pa Kolonelo Hugh Richards adazingidwa kwa pafupifupi masabata awiri. Madzi adawathera pakuti akasinja awo a madzi adagwa m'manja mwa Ajapani, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege. Pa nyumba ya bwanamkubwa wa chigawocho, Charles Pawsey, mbali ziwirizi zidakumba ngalande moyang'anizana pa bwalo la tenesi, pafupi kwambiri moti zinkaponyerana mabomba a m'manja. Thandizo lidafika pa 18 Epulo. Kuyambira pamenepo asilikali a Britain ndi India ndiwo adayamba kuthamangitsa Ajapani phiri ndi phiri, mvula ya dzinja ili mkati. Bwalo la tenesi lidalandidwa pa 13 Meyi. Kumapeto kwa Meyi, Sato, poona kuti anthu ake akutha ndi njala ndi matenda, adawabweza mosamvera lamulo la Mutaguchi. Pa 22 Juni asilikali ochokera ku Kohima adakumana ndi anzawo ochokera ku Imphal, ndipo msewu udatseguka.

4. Liwu Loti “Nkhondo” ndi Masiku Ake

Chinthu choyamba chomwe wounika amayang'ana ndi kabokosi ka chidule komwe kamakhala pamwamba pa nkhani, momwe mumalembedwa malo, masiku, atsogoleri, ziwerengero ndi zotsatira. Owerenga ambiri amathera pomwepo, choncho cholakwika cha m'kabokosiko chimayenda mtunda wautali kuposa cholakwika cha m'kati mwa nkhani.

Masiku odziwika a nkhondo ya ku Kohima ndi 4 Epulo mpaka 22 Juni 1944. Koma m'masiku amenewa muli zinthu zitatu zosiyana: kuzingidwa kwa asilikali a Richards, komwe kudatha pa 18 Epulo, kulimbirana mapiri ozungulira Kohima m'mwezi wa Meyi, ndi kuthamangitsa Ajapani mumsewu wa ku Imphal m'mwezi wa Juni. Mlembi amene walemba kuti asilikali a ku Kohima adazingidwa kuyambira Epulo mpaka Juni wasakaniza choyamba ndi zonse zitatu, ndipo wasandutsa masabata awiri kukhala masabata 11.

Pa Chichewa vutoli ndi lalikulu koposa. Chingerezi chili ndi mawu osiyana otchulira nkhondo yonse ya maiko, ndawala ya miyezi ingapo m'dera limodzi, kumenyana kwa pamalo amodzi, ndi kuzinga malo. Chichewa chimagwiritsa ntchito liwu limodzi, “nkhondo”, pa zonsezi. Kupeka mawu atsopano sikofunika, pakuti chinenerochi chili ndi njira yake yosiyanitsira: Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, nkhondo ya ku Burma, nkhondo ya ku Kohima, kuzingidwa kwa Kohima, kumenyana kwa pa bwalo la tenesi. Chofunika n'chakuti mlembi asankhe dzina limodzi pa chinthu chilichonse ndi kulisunga mpaka kumapeto. Wounika akapeza chiganizo chonga “nkhondoyi idatha pa 13 Meyi” ayenera kufunsa kuti ndi nkhondo iti mwa zonsezi.

Chimodzimodzi ndi liwu loti “gulu”. Mwa asilikali a Britain bataliyoni inkakhala ndi anthu pafupifupi 800. Kawirikawiri mabataliyoni atatu ankapanga brigedi, ndipo mabrigedi atatu ankapanga divishoni. Zonsezi zikatchedwa “gulu la asilikali”, wowerenga sangaone kuti ku Kohima anthu ochepa adalimbana ndi divishoni yathunthu. Apa mawu obwereka ndi oyenera, malinga ngati afotokozedwa pamene atchulidwa koyamba.

5. Mayina a Malo ndi a Anthu

Dzina la malo limakhala ndi nthawi yake. Mu 1944 Kohima idali m'boma la Naga Hills, m'chigawo cha Assam, pansi pa ulamuliro wa Britain. Chigawo cha Nagaland, chomwe likulu lake ndi Kohima, chidakhazikitsidwa mu 1963. Dziko la Burma lidasinthidwa dzina ndi boma lake kukhala Myanmar mu 1989. Mwambo wa olemba mbiri ndi kugwiritsa ntchito dzina la nthawi yomwe ikufotokozedwayo ndi kutchula dzina la masiku ano kamodzi kokha. Wounika amaonetsetsa kuti mlembi sakudumphadumpha pakati pa mayina awiriwa, kuopa kuti wowerenga angaganize kuti ndi malo awiri.

Mayina a zitunda zomwe zidamenyeredwa, monga Garrison Hill, Jail Hill, FSD Hill ndi GPT Ridge, adaperekedwa ndi asilikali a Britain, ndipo ena ndi zidule chabe za mayina a nkhokwe za katundu ndi malo oimika galimoto. Mayinawa satanthauziridwa, chifukwa wofuna kuwapeza pa mapu a nthawiyo adzawapeza momwemo. Koma nkhani yabwino imauza wowerenga kuti ndi mayina a mbali imodzi. Ngakhale dzina loti Kohima ndi katchulidwe ka Angerezi ka dzina la mudzi wa Angami, mtundu wina wa Anaga, lomwe ndi Kewhira.

Palinso liwu la Chingerezi loti “jungle”, lomwe limamatidwa pa nkhondo zonse za ku Burma. Liwuli lidachokera ku zinenero za ku India komwe, ndipo poyamba linkatanthauza malo ouma osalimidwa. Tanthauzo la nkhalango yowirira ndi yachinyezi lidadza pambuyo pake. Ajapani adayendadi m'nkhalango popita ku Kohima, ndipo mapiri ozungulira adali ndi mitengo yowirira. Koma kuzingidwa kwenikweniko kudachitikira pamalo a boma, pomwe padali nyumba, chipatala, ndende ndi nkhokwe, ndipo mitengo ya pamenepo idayoyoka ndi mizinga mpaka kutsala zitsa. Wolemba m'Chichewa ali ndi mwayi wosankha pakati pa nkhalango, thengo, tchire, chitunda ndi phiri, ndipo wounika ali ndi ufulu womufunsa chifukwa chomwe wasankhira liwu ili kusiya linzake.

Dzina la anthu ndilo lofunika kusamala koposa. Kulemba kuti “Angerezi adagonjetsa Ajapani” n'kosavuta, koma mwa ozingidwa mudali bataliyoni ya Royal West Kent ya ku England pamodzi ndi asilikali a Assam Regiment, a Assam Rifles ndi ena a ku India, ndipo omwe adayamba kufika kudzawawombola adali a Punjab Regiment. Liwu loti “Amwenye” nalonso silikwanira, pakuti ena mwa asilikaliwo adali Anaga, ena Agurkha a ku Nepal, ndipo ena adachokera m'madera omwe adakhala Pakistan mu 1947. Wounika amapempha kuti gulu lililonse litchulidwe ndi dzina lake pamene lidagwira ntchito.

6. Ziwerengero

Mabuku ena amati oteteza Kohima adali pafupifupi 2,500, pamene ena amati 1,500. Onse akunena zoona: chiwerengero choyamba chikuphatikiza anthu pafupifupi 1,000 omwe sadali omenya nkhondo. Asilikali a Sato amawerengedwa pakati pa 12,000 ndi 15,000. Mlembi wofuna kukometsa nkhani amatenga chiwerengero chaching'ono cha mbali ina ndi chachikulu cha mbali inayo kuti kusiyana kuoneke koopsa. Wounika amafuna kuti ziwerengero zonse zilembedwe pamodzi ndi magwero ake ndiponso chomwe chikuwerengedwa.

Chiwerengero chotchulidwa kawirikawiri cha asilikali a Britain ndi India omwe adatayika ndi 4,064, ndipo cha Ajapani ndi osachepera 5,764. Pa Chingerezi ziwerengero zotere zimatchedwa “casualties”, liwu lophatikiza ophedwa, ovulala ndi osowa. Chichewa chilibe liwu limodzi lotere, ndipo womasulira wothamanga amalemba kuti “adafa”. Potero amaika m'manda anthu ambiri omwe adachira ndi kubwerera kwawo. Kamasuliridwe koyenera ndi kautali koma koona: “ophedwa, ovulala ndi osowa adakwana 4,064”. Chiwerengero cha Ajapani nacho chili ndi malire ake, pakuti sichiwerengera omwe adafa ndi njala, malungo ndi kamwazi pobwerera ku Chindwin.

Ku manda a asilikali a ku Kohima kuli manda 1,420, ndiponso mwala wolembedwa mayina 917 a Ahindu ndi Asikh omwe matupi awo adatenthedwa monga mwa mwambo wawo. Mlembi angakopeke kuphatikiza ziwerengero ziwirizi ndi kunena kuti ndiwo adafa pa nkhondoyi. Wounika amakana, chifukwa ziwerengerozi ndi za oikidwa ndi okumbukiridwa pamalopo, osati za ogwa pa masiku otchulidwa aja, ndiponso chifukwa kuwerengera kotero ndi kafukufuku wa mlembi mwini, yemwe lamulo lachitatu lija limaletsa.

7. Magwero ndi Kusakondera

Jenerali William Slim, mtsogoleri wa asilikali a Britain ndi India m'dera limeneli, adasindikiza buku la zomwe ankakumbukira, Defeat into Victory, mu 1956. M'bukumo adamuona Sato ngati mtsogoleri wopanda nzeru zatsopano, chifukwa adakakamira pa Kohima m'malo mopitirira kukalanda Dimapur, komwe kudali katundu wambiri ndi asilikali ochepa. Kwa zaka zambiri maganizo amenewa ankabwerezedwa ngati choonadi. Koma olemba omwe adawerenga zolembedwa za Ajapani, monga Louis Allen m'buku lake la mu 1984, Burma: The Longest War, adaonetsa kuti Mutaguchi adafunadi kuti Sato apite ku Dimapur, koma mkulu wa onse awiriwo, Jenerali Masakazu Kawabe, adaletsa.

Apa wounika sakunena kuti buku la Slim lichotsedwe. Akunena kuti Slim adali mmodzi wa omenya nkhondoyo, choncho mawu ake ndi umboni wa mbali imodzi, ndipo ayenera kulembedwa motero. Chiganizo choti “Sato adalakwitsa posapita ku Dimapur” chisinthidwe kukhala “Slim adaona kuti Sato adalakwitsa”, kenaka kutsatire zomwe magwero a Chijapani akuonetsa. Chichewa chili ndi zida zokwanira pa ntchitoyi: “malinga ndi”, “adalemba kuti”, “adaona kuti”. Liwu loti “akuti” lokha ndi lofunika kulipewa, chifukwa limabisa woyankhula ndipo limamveka ngati mphekesera.

Mawu otamanda nawonso amayesedwa ndi muyeso womwewo. Kohima imatchedwa Stalingrad ya Kum'mawa, ndipo mu 2013 National Army Museum ya ku London idasankha nkhondo za ku Imphal ndi Kohima kukhala nkhondo yopambana zonse m'mbiri ya Britain. Izi zikhoza kulembedwa, malinga ngati wotchula dzinalo ndi wosankhayo atchulidwa. Koma mawu onga “ngwazi”, “molimba mtima”, “adani” ndi “mwankhanza” saloledwa kutuluka m'kamwa mwa insaikulopediya. Liwu loti “adani” limaika wowerenga kumbali imodzi asadafunsidwe. Kulimba mtima kumaoneka bwino pongofotokoza chomwe chidachitika, monga kuti John Harman ndi John Randle adalandira mendulo ya Victoria Cross atamwalira chifukwa cha zomwe adachita ku Kohima. Ngakhale pa mzere wa zotsatira m'kabokosi kaja, olemba mbiri ya nkhondo amalangizidwa kungotchula mbali yomwe idapambana popanda kuwonjezera mawu okuza chipambanocho.

8. Omwe Mawu Awo Samveka

Funso lomaliza la wounika ndi loti: kodi nkhaniyi yasiya ndani? Nkhondo ya ku Kohima idamenyedwa pakhomo pa Anaga. Mudzi wawo waukulu udaphwasulidwa ndi mizinga ndi mabomba, nkhokwe zawo za mpunga zidalandidwa, ndipo ambiri adagwira ntchito yolondolera njira, yozonda ndi yonyamula ovulala. Nkhani yotchula brigedi iliyonse koma yopereka chiganizo chimodzi kwa eni nthaka ndi yosakwanira, ngakhale chiganizo chilichonse chili choona.

Pamenepa lamulo la gwero losindikizidwa limaonetsa kufooka kwake. Zomwe akuluakulu a asilikali adakumbukira zidasindikizidwa msanga, pamene zomwe anthu wamba adakumbukira zidatsala pakamwa kwa nthawi yaitali. Wounika sangalole umboni wa pakamwa wosasindikizidwa, koma angathe kutumiza mlembi ku mabuku omwe adausonkhanitsa, monga Road of Bones la Fergal Keane la mu 2010, lomwe lidagwiritsa ntchito zonena za anthu a mbali zosiyanasiyana.

Mfundoyi ikukhudzanso olemba m'Chichewa, pakuti asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi anzawo a ku Northern Rhodesia, adamenya nawo nkhondo ya ku Burma. Koma sadali ku Kohima. Divishoni ya 11 ya Kum'mawa kwa Afrika, momwe iwo adali, idalowa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti 1944, ikutsata Ajapani omwe ankabwerera, m'matope ndi m'malungo a dzinja, ndipo idafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Mlembi amene agogo ake ankasimba za ku Burma angafune kuwaika pa bwalo la tenesi. Wounika ayenera kumuletsa, ndi kumuonetsa malo awo enieni: m'ndime yofotokoza zomwe zidatsatira, ndiponso m'nkhani yawoyawo ya chigwa cha Kabaw. Kumeneko ndiko kuli ntchito yomwe adagwira, ndipo ndiko wowerenga angakawapeze m'mabuku.

9. Ndemanga Yothandiza

Phindu la zonsezi limadalira kalembedwe ka ndemanga. Wounika wonena kuti “nkhaniyi ikukondera” wangoyambitsa mkangano. Wounika wothandiza amatchula ndime ndi chiganizo, amanena lamulo lomwe laphwanyidwa, ndipo amapereka mawu omwe angalowe m'malo mwake. Amatsegula ena mwa mabuku otchulidwawo kuti aone ngati tsamba lotchulidwalo likunenadi zomwe mlembi walemba, ndiponso ngati mlembiyo sadangokopera mawu a mwini buku. Amasiyanitsa cholakwika chofunika kukonza ndi zokonda zake za kalembedwe, zomwe mlembi ali ndi ufulu wozikana.

Akonzi a mabuku a sukulu ndi aphunzitsi omwe amayang'ana zolemba za ophunzira angathe kubwereka mafunso omwewa popanda kusintha: liwu ili likutanthauza chinthu chimodzi m'nkhani yonse kodi, dzina ili ndi la nthawi iti ndipo adapereka ndani, chiwerengero ichi chikuwerengera ndani, maganizo awa ndi a yani, ndipo ndani wasiyidwa. Wikipedia ya Chichewa ilipo, ndipo nkhani zambiri zolowa m'menemo zimachokera ku Chingerezi. Zikamamasuliridwa, magwero ake amabwera nazo, koma kusankha pakati pa “adafa” ndi “ophedwa, ovulala ndi osowa” kumachitika mwatsopano, ndipo kumafuna wounika wodziwa Chichewa.